Funso Lomwe Merv Anasungira Kumapeto

Lamlungu lililonse masana, ku kalabu ya m'tauni kunkakhala mpikisano wa mafunso, ndipo thireyi ya nyama yopatsa opambana inkangodziwa njira ya kwa Lindsay Purcell. Bambo ameneyu anali ndi mutu! Ankadziwa kuti ndowe za kanyama kotchedwa wombati zimatuluka zangodyangodya ngati tinjerwa, komanso kuti dziko lawo linkagulitsa ngamila kwa Aluya. Zonsezi anazitola pa wailesi, zaka makumi atatu akuyendetsa lole m'misewu ya fumbi.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti Lindsay sankatha kuwerenga. Ankadziwa ndi munthu mmodzi yekha, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Merv Hartigan, amene ankalemba mayankho a gulu lawo. Lindsay ankanong'ona, Merv n'kulemba. Wina akamupatsa pepala, Lindsay ankasisita m'matumba n'kunena kuti waiwala magalasi.

Lamlungu lina wofunsa mafunso anadwala, ndiye maikolofoni anapatsa Merv. Cholembera cha gulu lawo chinagwera Noreen Tuckwell, mayi wamasiye amene Lindsay anali atayamba kumupititsira mazira a nkhuku zake mlungu uliwonse, ngakhale Noreen anali nazo nkhuku zakezake.

Merv ndi munthu wabwino, koma akamva anthu akuseka nthabwala zake nzeru zimamuthawa. Mowa unali utalowanso pang'ono.

"Lomaliza ili, abale anga," anatero Merv. "Zoona kapena bodza? Muno muli munthu amene watenga chikho chathu cha katswiri wa chaka kasanu, koma ngakhale chikwangwani cha kuchimbudzi satha kuchiwerenga!"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Otenga chikho kasanu analipo atatu okha, Lindsay mmodzi wa iwo, ndipo awiri enawo anali aphunzitsi opuma ntchito. Zaka zonsezi Merv ankamuwerengera makalata a kuchipatala ndi a mwana wake wa ku Perth, lero n'kumugulitsa chifukwa chofuna kuseketsa anthu! Zinamuwawa koopsa. Anayang'ana kutsogolo, Merv n'kumutsinzinira diso ngati wamuchitira zabwino.

"Ili nde bodza lenileni," anatero Noreen akupukuta misozi ya chiseko. "Munthu wotereyo angayankhe chani? Si choncho a Lindsay?"

Lindsay akanatha kuvomera kuti ndi bodza, koma Merv anali pafupi kulengeza yankho, mwinanso ndi dzina lomwe. Iye sanafune kuti Noreen azimvere pa maikolofoni.

"Lembani kuti zoona," anatero chapansipansi.

"Aa, inunso! Mwadziwa bwanji?"

"Ndikumudziwa munthuyo, mayi. Magalasi alibe, ndipo sanakhalepo nawo."

Noreen anasiya kuseka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Merv, amene anali akuitanitsa mapepala uku akuvinavina. Noreen anawerama n'kulemba mawu amodzi pang'onopang'ono, akusindikiza cholembera mwamphamvu, ndipo anakankhira pepalalo kwa Lindsay.

"Kaperekeni ndinu," anatero osadzutsa mutu.

Lindsay ananyamuka nalo. Anadutsa pakati pa matebulo anthu akumuwombera m'manja monga mwa nthawi zonse, iye maso ali pa pepala. Anafunitsitsa kudziwa ngati Noreen wamukhulupirira kapena wasankha kumubisa, koma mawu aja anali pomwepo m'manja mwake, ndipo sakanatha kudziwa ngati akuti zoona kapena bodza.