Msewu wa Pakhoma

A Giyawani anali atagwada pambali pa takisi yawo, akutsuka tayala lakumbuyo, pamene Wailesi anatulukira akukupiza pepala m'mwamba.

"Madala, siyani kaye matayalawo. Ndabweretsa mankhwala a matenda anu."

"Ndadwala liti ine?"

"Simunadwale. Mudzadwala Lachinayi mmawa, kuchipinda choyezera maso."

Madalaivala amene anakhala pa benchi ya pasiteji anaseka, a Giyawani n'kuseka nawo, koma burashi inawatereruka m'manja n'kugwera m'chidebe.

Khonsolo ya mzindawo inali italamula kuti woyendetsa takisi aliyense, asanalandire chiphaso chatsopano, ayambe wayezetsa mtima, makutu ndi maso. Wolephera, galimoto yake azingoisuzumira pawindo kunyumba. Chiphaso cha a Giyawani chinali kutha mwezi womwewo. Za mtima analibe nazo mantha. Makutu awo ankamva ngakhale kabawuti komasuka pansi pa injini. Koma maso ndiwo anali nkhani.

Dzina la Giyawani linali la posachedwa. Anyamata a pasiteji ankati galimoto ya madalawa sidziwa kuti kunja kuno kuli giya ina kupatula yoyamba. Eni ake ankangoyankha kuti wothamanga amafika msanga kuchipatala. Chifukwa chenicheni ankachidziwa okha. Zapafupi ankaziona bwinobwino, koma zakutali zinali zitayamba kusungunuka, ngati ukuyang'ana pagalasi lakutsogolo mvula ikugwa mawaipa atafa. Zikwangwani ankazidziwa pamtima. Maenje a mumsewu ankawakumbukira monga munthu amakumbukirira mayina a ana ake. Anthu ankawazindikira ndi mayendedwe.

Wailesi, amene pakamwa pake sipankazima, anayala pepala lija pa boneti. Panali tizithunzi tonga foloko ya mano atatu, tondandalikidwa m'mizere, tina toloza uku, tina uko.

"Zili pakhoma kumeneko ndi zimenezi, ndinakopera ndekha. Mayi woyeza maso amaloza ndi kandodo, inu mumangonena komwe mano aloza. Koma musaloweze ngati mwana wasukulu, mungaiwale. Yendetsani! Mano akaloza kumanja, khotani kumanja. Akaloza m'mwamba, umenewo ndi mtunda. Akaloza pansi, mukutsetsereka. Munaona dalaivala ataiwala njira?"

"Ndipo wadutsa nawo ndani msewu wakowu?"

"Tilipo anayi. Palibe anagwera m'ngalande."

A Giyawani anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Linali lopepuka, koma tsiku lonse ankalimva pachifuwa.

Madzulo, dzuwa likadalipo, anaimika galimoto pabwalo la nyumba yawo koma sanatsike. Anayala pepala pamiyendo, nagwira chiwongolero, natsinzina kuti njirayo ilowe bwino m'mutu. Kumanja, mtunda, kumanzere, kumanzere, kutsetsereka. Ulendo wachitatu anali atayamba kuona msewuwo m'maganizo mwawo, ndi mitengo yake yomwe.

Munthu anagogoda pawindo. Anali akazi awo, zovala zoanula zili paphewa.

"Bambo, ulendo wake ndi wakuti umenewu, injini ili chete?"

"Ndikuyesa chiwongolero."

"Mutatsinzina?"

Mayiwo anazungulira, natsekula chitseko, nakhala pampando wakutsogolo ndi zovala zawo zomwe. Anatenga pepala lija, naliyang'ana, nayang'ananso amuna awo. Anthu amene akhala limodzi zaka makumi atatu safunsana zambiri.

"Ndikalephera, mayi, ndizichita chiyani?" anatero a Giyawani, akuyang'ana kutsogolo. "Manja awa sadziwa china. Nanga akanena kuti masowa anatheratu?"

"Nanga mukapambana ndi pepala, msewu mudzaupatsanso pepala?"

A Giyawani anali ndi chinthu chimene sanauze munthu. Sabata yapitayo, akudutsa pafupi ndi sukulu, anaona chidebe chabuluu m'mbali mwa msewu. Atachiyandikira, chidebecho chinaimirira n'kuthamanga. Anali mwana wovala yunifolomu, amene anawerama kumanga nsapato. Sanamugunde, pakuti ankayenda pang'onopang'ono mwa masiku onse.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero mayiwo potsika. "Lachinayi ndipita nanu. Ndikaone nawo mipikisanoyo."

Chipinda choyezera maso chinali chachitali ndi chopapatiza ngati khonde. Kumapeto kwake kunali mafoloko aja, aakulu pamwamba, n'kumka nachepa mpaka pansi. Woyeza anali mayi wachitsikana wovala gauni yoyera, wausinkhu wa mwana wawo woyamba. Anawakhazika pampando, nawapatsa kachitsulo konga supuni kuti atsekere diso limodzi. Akazi awo anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo.

"Tiyambe, bambo. Iyi yaloza kuti?"

"Kumanja."

Imeneyo anaionadi. Mzere wachiwiri anauonanso, ngakhale mano ake anali ndi ubweya. Kandodo katatsikira pa mzere wachitatu, mafoloko onse anasanduka nyerere zonyowa. A Giyawani anaganiza zonena kuti sakuona, mawu anafika pakhosi, koma mantha anafika msanga kuposa mawuwo. Analowa msewu wa Wailesi.

"Kumanja. Mtunda. Kumanzere, kumanzere, kutsetsereka."

Njira inawatenga. Inali yosalala, yopanda maenje, ndipo aliyense anali atawapatukira. Anakhota, nakwera, natsika. Mawu awo anakwera ngati injini yotentha bwino. Anadutsa mzere wachinayi, wachisanu, wachisanu ndi chimodzi, mpaka anakhota kumanja komaliza n'kuponda buleki.



Atatsekula maso, mpamene anadziwa kuti anali atatsinzina. Kasupuni kaja kanali pamiyendo. Manja awo onse awiri anali m'malere, atagwira chiwongolero chimene panalibe. Woyeza uja anali atakhala pangodya ya tebulo, kandodo katagona pambali, dzanja lili pakamwa. Kuchitseko, akazi awo anali atabisa nkhope m'chikwama, mapewa akugwedezeka.

"Mwafika bwino, bambo?" anafunsa woyezayo.

"Ndafika," anayankha ndi mawu aang'ono.

"Mwawerenga mpaka mzere wapansi, umene ngakhale ine umandivuta. Maso onse awiri ali otseka. Ine ndinasiya kuloza pa mzere wachitatu."

"Ndipo pamtunda paja anasintha giya," anawonjezera akazi awo, misozi ya phwete ili mbwe. "Ndinaona dzanja."

A Giyawani anatola chipewa chawo n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Pepani, mayi. Ndachita zachibwana, munthu wamkulu ndithu. Lembani zimene muyenera kulemba."

"Khalani pansi, bambo, ntchito sindinaiyambe. Msewu wanuwu ndimaudziwa. Anzanu anayi aja ankapendeketsa mapewa pokhota, ndipo makalata owaitananso ali m'njira. Koma woyendetsa atatsinzina ndinu woyamba. Tsopano mundiuze zoona. Mumayamba kutaya pati?"

"Pa mzere wachitatu."

"Eya. Apo ndiye tayamba."

Anawaveka chimango cholemera chachitsulo pamphuno, natsekula bokosi lodzaza timagalasi tozungulira. Ankalowetsa kamodzi, n'kuchotsa, n'kulowetsa kena. "Apa, kapena apa? Nanga apa?" A Giyawani ankayankha mosakhulupirira, ngati munthu amene akumuyesa nsapato zomwe akudziwa kuti sizimukwana. Kenaka kagalasi kena kanatsetserekera m'malo mwake, n'kulira kuti khe.

Nyerere zija zinaima chilili n'kumera mano.

"Aa!" A Giyawani anagwira mpando. "Aa, aa! Mayi inu!"

Sanayang'ane khoma lokha. Anatembenukira pawindo. Mtengo umene ankauona ngati mtolo wobiriwira unali ndi masamba, lililonse palokha, lililonse likugwedezeka mwa ilo lokha. Pa waya wa magetsi panatera mbalame zitatu, ndipo yapakati inali yothothoka mchira. Kutsidya kwa msewu munthu ankasenda nthochi.

"Uyo akusenda nthochi uyo!" anafuula. "Mayi, bwerani muone, akusenda nthochi!"

"Ife timaona masiku onse, bambo," anatero akazi awo, koma anabwerabe n'kuima pambali pawo.

Woyezayo anatembenuza chikwangwani cha pakhoma. Kuseri kunali mafoloko ena, ondandalikidwa mwa mtundu wina, msewu umene Wailesi sanaupondepo. A Giyawani anauyenda ndi maso otsekula, foloko imodziimodzi, manja ali phee pamaondo. Analakwitsa imodzi yokha pansi penipeni.

"Ndiye kuti sanathe?" anafunsa.

"Masowo? Matayala akatha, mumataya galimoto?"

Magalasi anatenga masiku asanu ndi limodzi kuti akonzedwe. Masiku onsewo makiyi anakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Palibe anawauza kuti atero. Anakonza mpando wogwedera, nathira mafuta m'mahinjesi onse a m'nyumba, mpaka akazi awo anawapempha kuti akakhale panja asanamasule denga.

Tsiku lolandira magalasi anapita molunjika kukhonsolo. Anakwera masitepe mokweza miyendo, chifukwa pansi pankaoneka ngati payandikira. Kalaliki wa pawindo lachiwiri anawerenga kalata ya woyeza maso, nasuzumira a Giyawani pamwamba pa magalasi ake omwe.

"Atsopano?"

"A lero."

"Musamawapukute ndi malaya, achimwene, amakalika. Ndipo musawasiye pa dashibodi dzuwa likuswa mtengo." Analemba pansi pa chiphasocho kuti mwini wake aziyendetsa atavala magalasi, nauzira chidindo, nachimenya kuti phwa. A Giyawani analandira chiphasocho ndi manja awiri.

Atafika kunyumba anachotsa makiyi pa msomali.

"Mayi, tsekani nyumba. Lero ndinu kasitomala woyamba."

"Kupita kuti?"

"Kulikonse. Ndikufuna ndikaone mzinda umene ndakhala ndikunyamulamo anthu."

Anayamba adzera kusiteji. Anyamata atangowaona anaimirira pa benchi n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Ahedi afika! Tikhale pansi, ana inu!"

"Madala, mwabwera kudzanyamula anthu kapena kudzalemba mayina a ochedwa?"

Wailesi anathamangira pawindo, kalata ya kukhonsolo ikusuzumira m'thumba lake. "Mwatigulitsa, madala! Msewu wabwinobwino mwaugumula. Ndamva kuti munayendetsa mutagona tulo."

"Taona kaye apa," anatero a Giyawani, navula magalasiwo n'kumupatsa. "Gwira bwino, usakhudze pagalasi."

Wailesi anawavala mwanthabwala, natukula chibwano ngati bwana. Kenaka anayang'ana kutsidya kwa msewu, kumene kunali sitolo imene ankaimika galimoto patsogolo pake tsiku lililonse. Pakamwa pake panatseguka, koma sipanatuluke kanthu. Anawavula, nayang'ana, nawavalanso.

"Kodi pansi pa chikwangwani chija pali mawu enanso?"

Pasiteji ponse panagwa phwete. Wina anagubuduka pa benchi.

"Bweza maso anga," anatero a Giyawani. "Ako akukudikira kuchipinda chija. Ukapita, manja ukakhalire."

Anachoka anyamata akusekabe. Mzinda unali ngati wautsuka. Pa nyumba zimene ankazidziwa ndi mitundu yokha panali manambala, makatani, maluwa a m'zitini. Ankawerenga mokweza chikwangwani chilichonse, cha ometa, cha owotcherera, cha ogulitsa matabwa, ngati mwana amene wangophunzira kumene kuwerenga. Akazi awo ankangoti, "Ee, bambo. Chakhalapo chimenecho. Icho chomwe."

Pamphambano yaikulu maloboti anayaka ofiira. A Giyawani anaima, nakoka handibuleki, natembenuka kuti anene kanthu. Anangowayang'ana akazi awo. Pafupi chonchi ankawaona masiku onse, koma anazindikira kuti panapita nthawi yaitali asanawayang'ane. Maso awo ankakhala otopa ndi kulimbana ndi msewu, ndipo akafika kunyumba ankangofuna kuwapumitsa.

"Mwatani?" anafunsa mayiwo, akukonza kolala.

"Diresi limeneli lili ndi timaluwa?"

"Chaka chachitatu chino ndikulivala."

"Ine ndinkayesa ndi lachikasu basi."

"Ndi lachikasu. Timaluwato n'toyera." Anayang'ana kumbali, akumwetulira ngati mtsikana. "Penyani kutsogolo, bambo, mwapatsidwa magalasi a msewu, osati a ine."

Kumbuyo galimoto ina inaliza hutala, inanso n'kulandiza. Maloboti anali atasintha. A Giyawani anawaona bwino lomwe, kadontho kobiriwira kozungulira, kosasungunuka m'mbali. Anatulutsa dzanja pawindo kupepesa a kumbuyo, namasula handibuleki, ndipo galimoto inasesereka kulowa m'mphambano, dzuwa la masana likusewera pa timaluwa toyera.