Paipi Yodyeka

Galaja ija anaimanga ndi a Dzimbiri, koma dzanja lamanja litafooka ndi matenda anaipereka kwa mkamwini wawo. Iwo ankabwerabe m'mawa uliwonse, ovololo itachapidwa, n'kumakonza ma ekizozi, mapaipi otulutsa utsi wa galimoto, pakona pawo.

Tsiku lina kunabwera mayi wina ndi galimoto yolira ngati thirakitala. Ekizozi inali itaduka pakati. Pankafunika kufutukula kukamwa kwa paipi yakaleyo kuti yatsopano ilowemo.

Mkamwini anaimanga paipiyo pa vaisi, chopanira zitsulo, n'kuitana amakaniko onse.

"Bwerani muone ukatswiri. Bambo, tatiphunzitsaniko."

A Dzimbiri anaigogoda paipiyo ndi chala. Inalira mogonthera.

"Iyi yadyeka, mwananga. Ing'ambika. Tidule kaye kumapetoku."

"Yadyeka ndi paipi kapena ndinu?"

Amakaniko anaseka, ena akuyang'ana pansi. A Dzimbiri anapita pakona pawo. Anatenga chofutukulira chawo chija, chitsulo cha mano asanu ndi atatu chimene anagula mkamwiniyo asanamere ndevu. Anachipaka girisi, n'kuchilowetsa m'paipi. Ntchitoyi ankaidziwa ngati kumwa madzi: kumanga pang'ono ndi sipanala, kumasula, kutembenuza, kumanganso. Koma dzanja lofooka lija silinkagwira zolimba, sipanala n'kumapulumuka.

"Limbikani! Mayiwa sagona pano."

Mkamwini anagwira dzanja lodwalalo pamwamba pa sipanala, n'kukankha ndi mphamvu zake zonse. Paipi inati phwaa, kung'ambika mpaka pa vaisi. Zala za a Dzimbiri zinakakhula pachitsulo chong'ambikacho, magazi chuchuchu pa simenti.

"Mwaona, mayi? Ndi zimene ndimapirira tsiku ndi tsiku. Munthu akakalamba azikhala kunyumba."

Mayi uja anangofutukira kumbuyo kuteteza nsapato zake.

A Dzimbiri anakulunga zalazo m'chisanza cha oilo. Anatambasula dzanja lamanzere kuti asolole chofutukulira, koma mkamwini anachitsekereza ndi chikhatho.

"Zida n'za galaja, bambo."

A Dzimbiri anayang'ana ku ofesi. Mwana wawo wamkazi, mkazi wa mkamwiniyo, anali ataima pakhomo, ndipo zonse anaziona. Anabwera ndi jumbo, momwe munali kapu yawo ya tiyi ndi mapilitsi a kuchipatala.

"Ababa, tiyeni ndikuperekezeni pa geti," anatero monong'ona. "Mawa musavutike n'kubwera. Mukutichititsa manyazi pamaso pa makasitomala."

Sanawaperekeze mpaka pa geti. Foni inalira mu ofesi, iye n'kubwerera kukayankha.