Ngayaye za Mlamu Fulgencio

Mphepo yamkuntho yotchedwa cierzo inali itaomba masiku atatu, ndipo Orosia sankakhazikika. Akakhala pansi, wadzuka. Akatenga khofi, wamuiwala pazenera. Maso anali kumalire a munda basi.

Chimanga chake chinali chofiira chija cha makolo, chimene ophika buledi a mumzinda wa Huesca ankachilimbirana chifukwa sichinasakanikirane ndi china. Kutsidya kwa ngalande kunali kwa Fulgencio, mlamu wake, wolima chimanga chosinthidwa chibadwa, chosagwidwa ndi kapuchi. Pangano lawo linali losavuta: iye azibzala mu Epulo, Orosia kumapeto kwa Meyi, kuti ngayaye zisatulukire limodzi mungu n'kusakanikirana. Zaka zisanu zinayenda bwino. Nanga ngayaye zatsopano zinkagwedezeka m'malirezi zinachokera kuti?

Tsiku lachinayi anatola chikwakwa, nalumpha ngalande, nayamba kuzisadza. Khwapu! Khwapu!

"Alamu, mwapenga?" anakuwa Fulgencio, akutsika pathirakitala. "Kapena mwasowa womumeta kwanuko?"

"Musandiseke, bambo inu! Izi n'chiyani?"

"Aa, ndinangopakiza. Nguluwe zinandithera mizere khumi. Ndikanasiya pambalambanda?"

"Osandiuza? Pakamwa panatupa?"

Fulgencio anakanda m'mutu. Sanali munthu woipa, ayi. Chimanga chakecho n'chimene chinamulekesa kupopera mankhwala aja ankamutsokomoletsa chaka chonse, ndipo ankachikonda ngati mwana. Kungoti kuganizira mnzake kunkamufika mochedwa.

"Mizere khumi yokha, alamu. Ingakulakwireni chiyani?"

Orosia anatola ngayaye imodzi mwa zimene anadula, naigwedezera pachikhatho. Mungu sunagwe, ngakhale kafumbi. Anatola ina. Chimodzimodzi. Mphepo inali itautenga kale wonse. Anathamangira m'munda mwake, nagwira ndevu za chimanga: zinali zitafota kale, zitalandira mungu.

"Mayo ine," anatero. "Ogula akadzachiyeza, basi, chatha."

Fulgencio anali atamutsatira, chipewa chili m'manja.

"Pepani, alamu. Ndalakwa. Chaka chino chokha chimangachi chipite ku nkhumba, ine ndikuthandizani. Chaka chamawa mudzangotsitsa mbewu yakale ija mumapachika kudenga, muyambirenso."

Orosia anamuyang'ana, misozi ili m'maso.

"Kudengako kulibe kanthu, Fulgencio. Ogula anachuluka chaka chino. Ndinabzala yonse."