Vani Yozolowera Maliro

Pearson anapatutsa vani yake pa Njewa, nazimitsa injini, n'kugoneka chipumi pa chiwongolero. Pambali pake panali Lajabu, makaniko wa ku Biwi. Onse awiri anali atamva zomwezo. M'tauni vaniyo inkayenda bwinobwino, koma ukangoiponda moto pamsewu wautali inkayamba kutsokomola, kudzuma, kenako n'kumakwawa mpaka anthu apanjinga kuipitirira akuseka.

Mapulagi anali atasintha. Sefa ya petulo analowetsa yatsopano. Thanki anaitsitsa n'kuitsuka, mukutuluka dzimbiri lokhalokha. Chilichonse Lajabu akagwira ankalumbira kuti matenda ndi amenewo, ndipo ulendo uliwonse woyesera unkathera pa Njewa pomwepa, manja ali bii.

Pearson anali atatopa, ndipo si vani yokha inamutopetsa. Mkazi wake Jemima anali chigonere kuyambira nthawi ya mvula. Kuchipatala anangomupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti azikapumula kunyumba, ndipo m'zaka zimenezo aliyense mu Kawale ankadziwa tanthauzo la mawu otero. Jemima anapempha chinthu chimodzi chokha: akaone mayi ake ku Ntcheu. Ulendo wa pa basi sakanautha. Ndipo vani yokwawa chonchi ikanatha tsiku lonse m'zitunda za Dedza, pamene mwini ulendo sankatha kukhala tsonga nthawi yaitali.

"Madala, tadzukani, titsegulenso," anatero Lajabu.

Anatukula mpando womwe pansi pake pamakhala injini, nachotsa chosefera mpweya, n'kusuzumira mu kabureta.

"Pondani moto."

Pearson anaponda.

"Mpaka pansi, madala. Mwendowo mukuusungira chiyani?"

Anapondanso. Lajabu anayang'anitsitsa, kenako anaseka kuseka kwa munthu wotopa.

"Kabureta imeneyi ili ndi kukhosi kuwiri. Kwina n'koyendera pang'onopang'ono, kwinaku kumatseguka mukafuna liwiro. Kwachiwiriku kwauma gwaa, kachitseko kake sikakusuntha n'komwe. Kodi munaithamangitsa liti komaliza galimotoyi?"

Pearson anaganiza, koma sanakumbuke. Chitsekereni kampani yomwe ankagwirako ntchito, vaniyo inkadya za maliro. Mipando yakumbuyo anazula kalekale kuti bokosi lizikwana. Tsiku ndi tsiku inkachoka pa siwa kupita kumanda pa giya yoyamba, amayi a Chigwirizano akuimba m'mbuyo mwake, ndipo dalaivala wa maliro sasiya oyimba m'mbuyo. Ngakhale pobwerera wopanda kanthu, mwendo wake unali utazolowera ulemu womwewo.

"Mwaiphunzitsa nokha kuyenda mwachisoni," anatero Lajabu, akuthira palafini pa kachitsulo kouma kaja.

Anakagogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva, kukasuntha uku ndi uku, mpaka kanamasuka. Atailiza, injini inabangula ndi mawu omwe Pearson anali ataiwala. Lajabu anaomba m'manja. Koma Pearson mtima unangoti myuu. Apa m'pamene anadziwa kuti nthawi yonseyi, vani ikatsokomola pa Njewa, iye mumtima ankapuma. Malinga ngati galimoto inali yodwala, ulendo wa ku Ntcheu unali wa mawa, ndipo Jemima anali akadali wake, m'nyumba yawo, akumukalipira za malaya a girisi. Anthu otengera odwala kumudzi iye ankawadziwa. Ankapita ndi munthu n'kubwerako ndi zovala.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Jemima anali pamkeka pakhonde, atatsamira khoma, mwana wawo Tiyese akumupesa tsitsi.

"Yatheka?" anafunsa Jemima.

"Yasintha pang'ono," anatero Pearson, maso ali ku nsapato zake. "Koma Lajabu akuti mwina tiyesenso sabata ya mawa."

Jemima anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali atamva kulira kwa injini vani ikukhota pamsika, ndipo mkazi wa dalaivala sanamizidwa pa zimenezo.

"Bambo a Tiyese, bwerani pafupi, mawu anga safika patali masiku ano."

Pearson anagwada pamphepete pa mkeka.

"Ku Ntcheu ndipita, ndipo ndipita pa vani yanu yomweyi. Inu sankhani chabe. Mundikhazika kutsogolo, kapena mudzandigoneka kumbuyo?"

Pearson anadzuka n'kukatunga madzi, nayamba kutsuka mpando wakutsogolo, kuupukuta mobwerezabwereza ngakhale unali utayera kale.

M'mawa mwake ananyamuka. Pearson anamukhazika Jemima kutsogolo pamapilo, Tiyese atakhala pa katundu kumbuyo. Pamene vani inkatuluka m'tinjira ta Kawale pang'onopang'ono chifukwa cha maenje, anthu anachita zomwe anazolowera. Amayi opita kumsika anapatuka n'kuima chete. Mwamuna wina anatsika panjinga. Wogulitsa makala anavula chipewa nachigwira pachifuwa.

Jemima anatsitsa galasi movutikira, natulutsa dzanja lake lowonda n'kuwabayibitsa.

"Valani chipewacho, achimwene," anatero. "Si lero."

Atadutsa nyumba zomalizira za tauni, msewu wa ku Dedza unatambasuka patsogolo pawo. Pearson anali akuyendetsabe ngati kumbuyo kuli nyimbo. Jemima anagwira bondo lake.

"Pondani, bambo a Tiyese."

Anaponda mpaka pansi. Pansi pa mpando kachitseko kaja kanatseguka, vani inakoka, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu inayamba kuthawira m'mbuyo. Mphepo inalowa pawindo n'kukankha duku la Jemima mpaka linagwera paphewa. Iye sanalikonze. Anatsinzina, nkhope atailozetsa kumphepoko, dzanja lili pabondo la mwamuna wake kuti mwendowo usabwerere.