Galimoto Yozima pa Maloboti

Ndakhala ndikuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo wophunzira akazimitsa injini sindichita kufunsa chifukwa. Ndimadziwa kuti wasiya kilatchi mofulumira. Choncho galimoto yanga itayamba kuzima m'manja mwa a Sisita, zotsegula boneti sindinaziganize n'komwe.

A Sisita anali namwino wopuma pa ntchito. Anabwera kudzaphunzira atakalamba kale chifukwa amuna awo, omwe ankayendetsa galimoto ya pakhomo zaka zonsezi, anali atasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga. Pamsewu wowongoka mayiwa ankayenda bwinobwino. Koma tikangoima pa maloboti kapena pamphambano, galimoto inkayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, singano yosonyeza kuthamanga kwa injini n'kumatsika, kutsika, kenako zii.

"Mayi, kilatchi mpaka pansi," ndinkatero.

"Ili pansi, aphunzitsi. Ndikaponda kuposa apa ndiboola galimoto."

"Nanga mwatani?"

"Ndimati ndifunse inuyo."

Kumbuyo kwathu mahutala ali pakamwa. Tinkasinthana mipando, ine n'kuyendetsa, n'kuima pa maloboti otsatira: injini ili phee, ikungong'ung'udza mwaulemu. Ophunzira anga ena asanu nawo sinkawazimira. Ndiye tsiku lililonse ndinkawapezera a Sisita cholakwa chatsopano. Lero mpando uli kutali, mawa nsapato zawo n'zolemera, mkuja akuchedwa kusintha giya.

Sabata yachitatu anandikhalitsa chete. Titaima pamphambano ina yopanda anthu anati, "Aphunzitsi, yang'anani bwino." Anachotsa giya n'kuika pa nyutulo, mwendo wakumanzere anauchotseratu pa kilatchi, manja n'kuwapinda pachifuwa. Galimoto inanjenjemera, inatsokomola kawiri, n'kuzima.

Galimoto ikakhala pa nyutulo woyendetsa sangaizimitse ngakhale atafuna. Izi ndimaphunzitsa tsiku loyamba.

Masana omwewo ndinapita nayo ku galaja ya alamu anga, amuna a mchemwali wanga, omwe ndi makaniko. Ndinaiimika pansi pa denga la malata, ndinakoka handibuleki, n'kuisiya ikulira. Alamu anaika kapu ya madzi pamwamba pa injini. Tinadikira theka la ola titapinda manja. Madzi sanatayike ngakhale dontho.

"Alamu, ikunjenjemera pati?" anandifunsa.

"Dikirani, iyamba."

Sinayambe. Komabe anamasula mapulagi, anati atopa, anaika ena. Sefa ya mpweya inali yakuda ndi fumbi, anaisinthanso. Kenako anatsegula pakhosi pa injini, pomwe pamalowera mpweya, n'kutsukapo mwaye wakuda bii ndi mankhwala opopera. "Apa pakada, galimoto imabanika ikaima," anatero akupukuta manja. "Vuto latha."

Mawa lake, maloboti oyamba enieni, a Sisita ataima, zii.

Ndinabwereranso ku galaja. Ulendo uno alamu analumikiza kamakina kawo kowerengera matenda a galimoto. Kanasonyeza kuti nthawi zina injini imalandira mpweya wambiri kuposa petulo. Anati ndiye kuti pali paipi yong'ambika yomwe ikuba mpweya. Anazigwira imodziimodzi, kuzipinda, kuzipopera, khutu lili pafupi. Zonse zinali zabwino. Anasintha sefa ya petulo poganiza kuti mwina mafuta ndiwo akuchepa. Galimoto inkangolira bwinobwino pamaso pathu ngati ikutiseka.

"Alamu, ndikuuzeni zoona," anatero pomaliza. "Galimoto iyi ilibe matenda. Mwina ikungodana ndi agogo anuwo."

Sindinaseke. Tsiku lomwelo a Sisita anali atandiuza kuti akufuna kusiya. Anati mwina zinthu zina zili ndi msinkhu wake, ndipo iwo unawapitirira. Ndinawapempha kuti amalize sabatayo, koma chowalimbitsira mtima ndinalibe, chifukwa ngakhale ineyo ndinali nditayamba kuiopa galimoto yanga yomwe.

Lachisanu anabwera ndi amuna awo, popeza tikamaliza ankayenera kupita nawo kuchipatala. Bambowo anakhala mpando wakumbuyo, ndodo yawo ili pakati pa mawondo. Titafika pa maloboti a pafupi ndi positi ofesi, galimoto inachita zake zija.

"Kodi kutsogoloko akupuma chonchi ndani?" anafunsa.

Ine ndi a Sisita tinayang'anana.

"Palibe, bambo," ndinayankha.

"Alipo. Mayi, lizaninso, mukaime pambali, kenako muponde chomwe munaponda chija."

A Sisita analiza injini, anapatuka n'kuima pafupi ndi ngalande. Galimoto inayamba kunjenjemera.

"Apo! Mwamva? Ngati tayala likuphwa. Chotsani mwendo."

Ndinakoka handibuleki, a Sisita n'kuchotsa mwendo pa buleki. Singano ija inakwera, kunjenjemera kunatha.

"Wasiya kupuma," anatero bambowo.

Ine sindinamve chilichonse. Ndinatsika, ndinazungulira mbali ya woyendetsa, ndinagwada pa phula n'kulowetsa mutu kunsi kwa chiwongolero, pafupi ndi mapazi a a Sisita. Anthu odutsa ankaima n'kumationerera. "Pondani, mayi." Anaponda buleki, ndipo pamenepo ndinamva kaphokoso kochepetsetsa, fsss, kakuchokera kuseri kwa pedulo.

Ndili chigwadire ndinazindikira chinthu chimodzi. Ineyo ndikaima ndimakoka handibuleki n'kuchotsa mwendo, ndipo ophunzira enawo anatengera zomwezo. A Sisita okha, poopa kuti galimoto ingabwerere m'mbuyo, ankaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse mpaka maloboti atasintha. Koma kuti buleki ikukhudzana bwanji ndi injini, pamenepo mutu wanga unaima.

Nditawasiya kuchipatala ndinathamangira ku galaja. Alamu anakhala pampando, anaponda buleki mwamphamvu osachotsa, galimoto n'kuyamba kugwedezeka. Anatsika, anatenga pulayazi n'kufinya paipi yonenepa yochokera ku injini kupita ku chinthu chakuda chozungulira ngati poto, chomwe chili kuseri kwa pedulo ya buleki.

"Pondani tsopano."

Ndinaponda. Injini sinasinthe mawu.

"Ndi busita," anatero. "Imathandiza mwendo wanu poponda buleki, ndipo mphamvu yake imaitenga ku injini kudzera pa paipi iyi. M'kati muli labala, ndiye yang'ambika. Mukaponda, mpweya ukudutsa pong'ambikapo n'kulowa mu injini osawerengedwa. Petulo akuchepa, injini ikubanika."

"Ndiye buleki imakoka mpweya ku injini, kapena injini ndiyo imakoka ku buleki?"

Anafotokozanso kachiwiri, akujambula ndi chala pa fumbi la pagalasi. Ndinagwedeza mutu, koma zomwe ndinamva zinali theka.

"Simunaone kuti buleki yayamba kulimba?" anafunsa.

Ndinali nditaona. Ndinkangoti ndi ukalamba wa galimoto. Alamu anati tsiku lina ndikanaponda n'kupeza ngati ndaponda mwala, ndili ndi wophunzira pambali. Ndinakhala pa tayala lakale.

Busita ina inapezeka patapita masiku awiri. Lachiwiri lotsatira a Sisita anaima pa maloboti anayi, buleki ataiponda mmene ankaipondera, ndipo galimoto sinanjenjemere ngakhale pang'ono. Ndinawapepesa. Ndinawauza kuti cholakwa sichinali chawo kuyambira pachiyambi.

Anatsegula chikwama n'kutulutsa kabuku komwe, osandiuza, ankalembamo malangizo anga akafika kunyumba.

"Aphunzitsi, m'masabata atatu mwandiuza zinthu zisanu ndi ziwiri zomwe ndimalakwitsa. Ndifufute ziti?"

Ndinawerenga mndandandawo kawiri. Zina zinali zoona, zina ndinangozipeka posowa chonena, ndipo sindinathenso kusiyanitsa. Choipa kwambiri chinali chakuti anali atazolowera kupatsa injini moto wambiri ponyamuka kuti isazime, moti galimoto inkabangula pa maloboti anthu n'kumacheuka. Zinatitengera masabata ena awiri kuti chizolowezi chimenechi chichoke.

Mayeso anakhoza ulendo wachiwiri. Ulendo woyamba anagunda mtengo pobwerera m'mbuyo, ndipo atatsika anandiuza okha, ndisanatsegule pakamwa, kuti pamenepo galimoto inalibe mlandu.