Mkono wa Emrys Pugh

Thaddeus Brannigan anali atawakha mipira ya mlamu wake kwa zaka zinayi pamene anamunyengerera kuti athawire ku ligi yatsopano. Mlamu wakeyo, Emrys Pugh, ndiye anali woponya wa timu ya bezibo, mpira womenya ndi ndodo, ya a Kreider, eni fakitale ya mowa m'tauni mwawo. Asanayambe mpira ankakumba malasha. Kulemba ankangodziwa dzina lake basi, choncho pepala lililonse ankamuwerengera ndi Thaddeus.

Nkhaniyo inakambidwa Lamlungu lina m'mwezi wa Marichi 1884, m'khitchini mwa Honora, mlongo wake wa Thaddeus, yemwe anakwatiwa ndi Emrys.

"Alamu, ligi yathuyi yatimanga chingwe m'khosi," anatero Thaddeus. "Ukangosaina kamodzi, ndiwe wa a Kreider mpaka adzatope nawe. Timu ina ikakufuna, sungapite. Kodi ndife akavalo okoka ngolo zawo? Ku Ligi ya Zigwa Zitatu, chaka chikatha munthu umasankha wekha kolowera."

"Nanga ikagwa?" anafunsa Honora, uku akusenda mbatatesi, osatembenuka n'komwe.

"Igwa bwanji, achemwali? Matimu asanu ndi atatu, mabwalo atsopano okhaokha."

"Ndamva kuti opita kumeneko sadzawalolanso kusewera kuno."

"Kuopseza chabe kumeneko."

Emrys anakanda m'mutu, n'kuseka. "Ine ndimaponya pamene pali manja a alamu anga oipawa. Akakaima m'nyanja, ndikaponya m'madzi momwemo."

Awiriwo anakwera sitima ya ku Shamokin, kumene timu yawo yatsopano inali. Bwalo linkanunkhabe matabwa aawisi. Tsiku loyamba anthu anadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo, ndipo Emrys anagwetsa omenya khumi ndi mmodzi osaukhudza mpira. Thaddeus anatupa manja, koma ankangoseka yekha ngati wamisala.

Timuyo inali ndi oponya atatu. Pofika mu Juni, ligi yakale inalengeza kuti wobwerera mwezi usanathe amukhululukira. Oponya awiri enawo anasowa m'mawa wina osatsanzika, mayunifomu atawasiya pabedi. Emrys anafunsa ngati nawonso angabwerere.

"Tibwerere ngati agalu onyowa?" anatero Thaddeus. "Pirirani, alamu. Apeza ena."

Sanapeze. Amene anabwera anali kalaliki wa pabanki yemwe ankaponyera mipira m'gulu la anthu oonerera. Choncho Emrys ankaponya Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, n'kugona khosi lopindika m'sitima, n'kuponyanso Lachisanu ndi Loweruka.

Woyamba kudziwa kuti mkono wa Emrys ukutha anali Thaddeus. Oonerera sankaona kanthu, ngakhale atolankhani, koma manja ake ankamva. Mpira umene kale unkafika ngati mwala woponyedwa ndi mfuti unayamba kufika wofewa, wotopa. Pobwerera kunyumba yogona alendo ankaona Emrys akuviika chigongono m'ndowa ya madzi ozizira, ndipo pakudya ankagwira supuni ndi dzanja lamanzere.

"Mwayamba liti kudyera kumanzere?"

"Ndikuphunzira ulemu wa ku Shamokin," anayankha Emrys. "Inu mumangomwera m'mbale ngati mwana wa ng'ombe."

Kumayambiriro kwa Ogasiti, bambo Ostrander, woyang'anira timu, anaitanira Thaddeus kuseri kwa mpanda. Anali ataonda, ndevu zosameta.

"Brannigan, undiuze zoona. Mkono wa Pugh uli bwanji? Tili ndi masewero anayi sabata ino. Tikalephera kusewera limodzi lokha, atichotsa mu ligi. Matimu awiri agwa kale."

Thaddeus anayang'ana pansi. Anaganiza za a Kreider akuseka, anaganiza za mawu a mlongo wake aja, nanga ikagwa. Anadziuza kuti kwangotsala milungu isanu ndi umodzi, kenako Emrys adzapuma nyengo yonse yachisanu.

"Uli bwino, bwana. Aponya."

Anaponya masewero awiri. Pa sewero lachitatu, dzuwa likuswa mtengo, oonerera osakwana zana, Emrys anatukula mkono, ndipo Thaddeus anamva kaphokoso ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Mpira unagwa m'fumbi pakatikati, n'kugubuduka pang'onopang'ono mpaka kuima pa nsapato ya womenya. Wina kumabenchi anakuwa kuti, "Mupatseni ngolo aubweretse!" ndipo anthu anafa nazo nseko. Emrys anangoima, mkono uli lende, nkhope itayera ngati ufa.

"Alamu," anatero Thaddeus atamuthamangira, "tiyeni tituluke."

"Dikirani kaye. Sindikumva zala."

Patapita masiku asanu ndi anayi, ligi inatha. Palibe amene anabwera kudzawauza. Anangofika pabwalo n'kupeza akalipentala akuzula matabwa a mpanda, akuti mwini malo wawagulitsa kwa munthu womanga khola la nkhumba. Bambo Ostrander anali atakwera kale sitima ya m'mawa.

Chisanu chonsecho Thaddeus ankanyamula migolo kusiteshoni, Emrys ali pakhomo, mkono atakulunga nsalu yonunkha mankhwala opaka akavalo. Mu Epulo kunamveka kuti ligi yakale yakhululukira onse, poti panalibenso wolimbana nayo. A Kreider anatumiza uthenga woti awiriwo akayesedwe.

Anapita. A Kreider anakhala pabenchi, chipewa pabondo, ndudu yaikulu ili kukamwa. Emrys anaponya mpira woyamba. Unafika, koma ngati woponyedwa ndi munthu wodwala. Thaddeus anauwakha mowomba manja mwamphamvu kuti ulire, n'kugwedeza zala ngati zamupweteka.

"Iii, alamu, mundipha!"

Anachita chimodzimodzi kachiwiri, kachitatu. Pa wachisanu a Kreider anachotsa ndudu kukamwa.

"Brannigan, ndine wonenepa, koma si wakhungu. Leka kuombera m'manja, sitili kutchalitchi." Anatembenukira kwa Emrys. "Pepa, Pugh. Unali woponya wabwino. Iwe Brannigan, wowakha ndikumufuna. Pepala lili ku ofesi, lomwe lija unalithawa."

"Popanda alamu anga sindisaina."

"Ndiye kanyamule migolo."

Emrys anali akuvala jekete, mkono wakumanja akuulowetsa mothandizira ndi wamanzere. "Kasaineni, alamu," anatero mosakweza mawu. "Tikhale awiri osowa chochita kuti zithandize ndani?"

Thaddeus anasaina tsiku lomwelo.

Emrys anabwerera kumgodi, koma piki inamukana. Anamuika m'shedi yosankhira malasha, kumene nkhalamba ndi anthu opunduka amakhala tsiku lonse akutola miyala m'malasha oyenda m'ngalande yachitsulo. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Lamlungu lina Thaddeus anapita kukawaona atanyamula nyama ya nkhumba yokulunga m'nyuzipepala. Honora anamuchingamira pakhomo, koma sanapatuke kuti alowe.

"Achimwene, ndikufunseni kanthu. Mkazi wa bambo Ostrander anandilembera kalata. Akuti amuna awo anakufunsani za mkonowo."

"Anandifunsa."

"Munkadziwa?"

Thaddeus anatsegula pakamwa kuti anene za milungu isanu ndi umodzi ija, za matimu amene ankagwa, koma anazisiya.

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kumapeto kwa Juni."

Honora anamuyang'ana kwa nthawi, maso ouma. Kenako analandira nyamayo, poti m'nyumba munalibe ndiwo, n'kubwerera kukhitchini.

"Ndani ameneyo?" anafuula Emrys ali m'kati. "Alamu? Lowani, mwaima pakhomo ngati wogulitsa masache bwanji?"

Anamupeza atakhala pafupi ndi zenera, masaya atachekekachekeka pometa ndi dzanja lamanzere, m'mphepete mwa maso muli fumbi la malasha losachoka ndi sopo. Za kalatayo sankadziwa, Honora sanamuwerengere.

"Nanga woponya watsopanoyo ali bwanji?"

"Wachabechabe," ananama Thaddeus.

"Bodza! Ndamva kuti ali ndi mpira wokhota. Khalani pansi mundiuze zonse. Mudzamuuze kuti asamagwetse phewa akatopa."

Thaddeus anakhala, n'kufotokoza masewero onse a sabatayo, mpira ndi mpira, Emrys akumvetsera kukamwa kuli yasa. Kukhitchini mapoto ankagundana. Chakudya chitapsa, Honora anaika mbale ziwiri patebulo, yake n'kukadyera panja.

Thaddeus anasewerera a Kreider nyengo zina zitatu, mpaka mawondo anayamba kumukana, ndipo anamugulitsa ku timu ya ku Ohio osamufunsa. Atachoka, Emrys analibenso womuuza za mpira. Ankamva zotsatira kwa anzake a m'shedi, kwa amene ankatha kuwerenga.