Sabata ya 27, Chipinda 14

Mayi Ntombela anafika ku Uvongo Loweruka masana, atanyamula chikwama chimodzi ndi envelopu ya mapepala. Zaka makumi awiri zapitazo amuna awo, malemu Bhekani, anagula sabata imodzi pachaka m'nyumba ya alendo ya m'mbali mwa nyanja: chipinda 14, sabata ya 27, mpaka muyaya. Nthawi imeneyo mawu akuti muyaya ankakoma. Koma ndalama yosamalira nyumbayo inkakwera chaka ndi chaka, ndipo tsopano inkadya penshoni yawo ya miyezi iwiri. Tsiku limene iwo adzatsikire kulichete, panganolo lidzagwera mwana wawo Zanele, amene akulera yekha ana atatu ku Germiston.

Woyang'anira nyumbayo, Bambo Moodley, anaseka atawaona.

"Amayi, envelopu ija mwabwera nayonso?"

"Ndabwera nayo. Ndinalengeza kuti ndikugulitsa sabata yanga pa randi imodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe anaimba foni."

"Mphepo yabwino ya kunyanjayi mungagulitse randi imodzi?"

"Mphepoyo uziipuma ndiwe, mwanawe. Ine ndikufuna kutuluka ndisanafe."

Ulendo uno komiti ya eni zipinda inali itavomera, patatha zaka zitatu akulemba makalata. Abweze sabatayo ulele, alipirenso ndalama za chaka chamawa, basi dzina lawo lifufutidwe. Mayi Ntombela anapereka chikalata cha imfa ya amuna awo, anasayina malo anayi, n'kubweza cholembera.

"Sabata ino khalani, munalipira kale," anatero Bambo Moodley.

M'chipindamo anachita zimene aliyense amachita akangolowa, kuwerenga ziwiya motsata pepala la pakhoma. Mbale zisanu ndi imodzi, makapu asanu ndi imodzi. Anatsitsa kapu imodzi yokha.

Kenako anakoka mpando. Mipeni ya m'nyumbamo inali yobuntha chiyambire, choncho chaka choyamba Bhekani anagula mpeni wake wotumbulira nsomba n'kuubisa pamwamba pa kabati, pamene okonza m'zipinda safikapo. Chaka chilichonse ankaupeza pomwepo. Lero Mayi Ntombela anafuna kupita nawo kwawo.

Anakwera pang'onopang'ono, mawondo akulira. Mpeniwo unalipo, wokutidwa m'nsalu yachilendo, wonoledwa bwino. Pansi pake panali kapepala kachikasu ndi ukalamba: "Kwa mwini mpeni, zikomo. Timaubwereka. Sabata 28." M'munsi mwake dzanja lina linalemba: "Ifenso. Sabata 41. Ndaunola."

Zaka zonsezo wokwera pampando anali Bhekani, ndipo za kapepalaka sanawauzepo.

Anakhala pampandopo kanthawi, mpeni uli pamiyendo. Eni masabata enawo sanawaonepo, ndipo sadzawaona. Anafufuza pensulo m'chikwama n'kulemba m'munsi: "Sabata 27 yachoka. Muziunola."

Anaubwezera pamwamba paja, n'kukatereka madzi a tiyi.